Kuonjezera Luso la Anchito m'Mabizinesi Ang'onoang'ono ndi Apakati

Kuonjezera luso la anchito ndi dongosolo lophunzitsa munthu amene ali kale pa nchito kuti aidziwe bwino koposa, kapena kuti athe kugwiritsa nchito makina ndi njira zatsopano zimene zafika pa nchitoyo. Maphunziro otere amasiyana ndi a mwana wa sukulu amene akukonzekera kukafuna nchito, cifukwa wophunzirayo amakhala ali kale pa malipiro, ndipo cimene waphunzira lero amaciyesa mawa pa katundu wa kasitomala.

M'Zambia nkhaniyi imakhudza mabanja ambiri. Anthu oculuka amene amadya thukuta lao sagwira nchito m'boma kapena m'migodi. Ali m'magalaji, m'mashopu, m'malo osokera zovala, m'zigayo, m'malo ogona alendo ndi m'makampani aang'ono omanga nyumba. Ambiri mwa iwo anaphunzira nchito poyang'ana mmisiri wamkulu, ndipo alibe pepala lililonse losonyeza zimene amadziwa. Boma lili ndi njira zoyesera luso lotere ndi kulipatsa setifiketi, ndiponso pali thumba la ndalama zophunzitsira anchito. Nkhani ino ikufotokoza njirazo, kumene zinacokera, ndi mmene eni mabizinesi ndi anchito angazigwiritsire nchito.

Mabizinesi amene akukambidwa

Mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati ndi aja amene kukula kwao kumayesedwa poona ciwerengero ca anchito, mpamba umene mwini anaikamo, ndi ndalama zimene amagulitsa pa caka. Pansi penipeni pali bizinesi ya munthu mmodzi kapena ya banja, monga kantemba kapena telala wa pakhonde. Pamwamba pake pali bizinesi yolemba anthu angapo, monga galaji kapena malo opalira matabwa. Yapakati ndi ija imene ili ndi anchito makumi angapo, ofesi yosunga mabuku a ndalama, ndiponso woyang'anira anchito.

Mu Lusaka mabizinesi otere amaoneka poyera ku Kalingalinga, kumene owocherera zitsulo amayala mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa mseu, ku msika wa matabwa wa Buseko, ku Kamwala ndi ku Soweto. Ku Chipata ali ku msika wa Kapata, ndipo ku Kitwe ali ku Chisokone. Kuyambira mu 2021 mabizinesiwa ali ndi unduna waowao, wa Small and Medium Enterprise Development.

Mbiri ya maphunziro a luso

Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, nzika zimene zinali ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 cabe, ndipo nchito zambiri zaumisiri m'migodi ndi pa njanji zinali m'manja mwa anthu akunja. Mu 1967 katswiri wina wa ku Canada, W. A. B. Saunders, analangiza boma kuti amisiri aziphunzira m'sukulu za luso asanalowe nchito. Kucokera pamenepo sukulu za umisiri zinafalikira m'zigawo, ndipo makampani akuluakulu a boma, monga a migodi, a njanji ndi a magetsi, anali kuphunzitsa okha anchito ao.

Zinthu zinasintha pamene boma linayamba kugulitsa makampani ake mu 1992. Kampani ya ndege ya Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, ya mabasi ya UBZ mu 1995, ndipo migodi ikuluikulu ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Ena anatsegula magalaji ndi mashopu ndi ndalama zao zopumira, nayamba kuphunzitsa ana a abale ndi a anansi. Udindo wophunzitsa amisiri, umene kale unali wa makampani akuluakulu, unagwera pa mapewa a eni mabizinesi ang'onoang'ono amene analibe sukulu, mabuku kapena ndalama zocitira zimenezo.

Boma linayankha ndi mfundo zatsopano za maphunziro a luso mu 1996, zimene zinavomereza kuti ophunzira ambiri adzadzilemba okha nchito. Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la TEVETA, limene limalembetsa sukulu za luso, kuvomereza zophunzitsidwa, ndi kuyesa ophunzira. Lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la ZAQA, limene limasanja masetifiketi onse a m'dziko pa makwerero amodzi kuti aliyense adziwe kulemera kwa pepala limene ali nalo.

Cifukwa cake luso la dzulo silikwanira

Akuluakulu amati tsobola wakale sawawa. Mwambiwu umaoneka bwino m'galaji. Makanika amene anaphunzira pa galimoto zakale anali kudziwa vuto pomvetsera kulira kwa injini. Galimoto zambiri zimene zikulowa m'dziko tsopano kucokera ku Japan zili ndi kompyuta mkati, ndipo vuto lake limapezeka polumikiza kamakina kowerengera zolakwika. Makanika wosadziwa kamakinako amangosintha zitsulo mwa kulota, ndipo kasitomala amalipira zinthu zimene sizinaonongeke.

Cilala ca 2024 cinapereka citsanzo cina. Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mabanja ndi mashopu anathamangira kugula zipangizo za magetsi a dzuwa. Amisiri a magetsi amene anali ataphunzira kuwerengera mphamvu ya mabatire ndi kukula kwa mawaya anapeza nchito yambiri. Amene analumikiza mwa kungoyerekeza anaononga mabatire odula, ndipo waya wocepa mphamvu akhoza kutentha nyumba.

Kusintha kwafikanso pa tebulo la wogulitsa. Makasitomala ambiri amalipira pa foni kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, conco wogulitsa ayenera kudziwa kutsimikizira kuti ndalama zalowadi, ndi kuzindikira uthenga wabodza wa akuba. Mu 2024 bungwe lotolera misonkho la ZRA linayambitsa njira ya Smart Invoice yolembera malisiti pa kompyuta kwa mabizinesi olipira msonkho wa VAT. Kalaliki amene anazolowera buku la malisiti anafunika kuphunzira mwatsopano.

Palinso nkhani ya misika. Bizinesi yofuna kugulitsa cimponde, uci kapena ufa m'masitolo akuluakulu imafunsidwa za ukhondo, kapakidwe ndi miyezo ya bungwe la ZABS. Kontilakita wofuna nchito ya boma ayenera kulembetsa ku National Council for Construction, kumene makontilakita amaikidwa m'magiredi kuyambira 6, ya ang'ono, kufikira 1, ya akuluakulu. Pokwera giredi amayang'ana, mwa zina, mapepala a amisiri amene kampaniyo ili nao. Mmisiri waluso koma wopanda setifiketi sathandiza kampani yake pa nthawi imeneyo.

Njira zoonjezera luso

Njira yoyamba, ndipo yofala kopambana, ndi kuphunzira pa nchito pomwepo. Mnyamata amayamba ndi kusesa ndi kupatsira zipangizo, kenaka amapatsidwa nchito zazing'ono. Ubwino wake ndi wakuti sikudya ndalama, ndipo wophunzira amakumana ndi mavuto enieni. Kuipa kwake ndi kwakuti wophunzira sangapose mphunzitsi wake. Ngati mmisiri wamkulu amawocherera citsulo popanda magalasi otetezera maso, kapena sadziwa kuwerenga pulani ya nyumba, onse amene adutsa m'manja mwake adzatengera zomwezo. Njirayi imapindula ikakhala ndi dongosolo: mwini alembe maluso amene wanchito aliyense ayenera kudziwa, apatule nthawi yophunzitsa, ndipo azimuyesa.

Njira yaciwiri ndi makosi aafupi m'sukulu zolembetsedwa ndi TEVETA. Zina mwa sukuluzi ndi Chipata Trades Training Institute ndi Ukwimi Trades Training Institute m'cigawo ca Kum'mawa, Lusaka Business and Technical College, Industrial Training Centre ndi Evelyn Hone College mu Lusaka, Kabwe Institute of Technology, ndi Northern Technical College ku Ndola. Palinso sukulu za mipingo ndi za anthu wamba. Musanalipire, funsani kuona setifiketi yosonyeza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa, pakuti pepala la sukulu yosalembetsedwa silivomerezeka polemba nchito m'boma kapena popitiriza maphunziro.

Njira yacitatu ndi mayeso a umisiri ochedwa trade test. Mayesowa ali ndi masitepe atatu. Woyamba kumene amalemba Level 3, kenaka Level 2, ndipo yapamwamba ndi Level 1. Mbali yaikulu ya mayesowa ndi ya manja: womanga amamanga, wosoka amasoka, kalipentala amapala. Pamwamba pa trade test pali craft certificate, ndipo makwerero amapitirira mpaka pa dipuloma.

Yogwirizana ndi imeneyi ndi njira yochedwa Recognition of Prior Learning, kutanthauza kuvomereza luso limene munthu analipeza kale kunja kwa sukulu. Mmisiri amene wagwira nchito zaka zambiri safunika kubwerera m'kalasi kukayamba pa ciyambi. Amapita ku malo oyesera ovomerezeka, amasonyeza umboni wa nchito zimene wacita, ndipo oyesa amamuona akugwira nchitoyo. Akakhoza amalandira setifiketi. Pamene apezeka wopelewera, amauzidwa mbali yoti akaonjezere. Kwa amisiri a m'makomboni ndi m'misika, iyi ndiyo njira yaifupi yocokera pa luso lodziwika ndi anansi okha kufika pa luso lodziwika ndi dziko.

Njira yacinai ndi kukonza kagwiridwe ka nchito ka gulu lonse. Bungwe la Kaizen Institute of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, limaphunzitsa makampani kusintha zinthu pang'onopang'ono popanda kugula makina atsopano: kucotsa zosafunika pamalo a nchito, kuika cipangizo ciliconse pamalo pake, kuyeretsa, ndi kusunga mwambo umenewo tsiku ndi tsiku. Anchito okha ndiwo amapemphedwa kuchula pamene nthawi ndi katundu zikutayika, cifukwa ndiwo amaona zimenezo.

Yomaliza ndi maluso a malonda. Mmisiri akhoza kupanga mpando wokongola koma n'kulephera kuwerengera mtengo wake. Akaiwala kuikapo guluu, misomali, magetsi, lendi ndi thilansipoti, amagulitsa moluza osadziwa. Maphunziro a Start and Improve Your Business, a bungwe la anchito la dziko lonse la ILO, amakhudza kawerengedwe ka mitengo, kasungidwe ka mabuku ndi kasamalidwe ka katundu. Maphunzirowa amayenera wanchito wogulitsa ndi wosunga sitoko monga momwe amayenerera mwini.

Kumene ndalama zimacokera

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la msonkho wa maluso, Skills Development Levy, limene linayamba kugwira nchito mu Januwale 2017. Olemba nchito amalipira 0.5 peresenti ya malipiro onse a anchito ao mwezi uliwonse kudzera ku ZRA. Mwacitsanzo, kampani imene malipiro a anchito ake onse ndi K100,000 pa mwezi imalipira K500. Msonkhowu ndi wa wolemba nchito, ndipo lamulo sililola kuti audule pa malipiro a wanchito. Lamulo la 2016 linapatula olemba nchito ena, monga boma, makhonsolo, ndi mabizinesi amene malonda ao a pa caka anali osafika K800,000.

Colinga ca msonkhowu ndi kulipirira maphunziro a luso. Ndalama zina zimapita ku thumba la TEVET Fund, limene lili ndi mbali yothandiza makampani kuphunzitsa anchito amene ali kale pa nchito, ndi mbali ina ya mabizinesi ang'onoang'ono ndi anthu odzilemba okha. TEVETA imalengeza nthawi yopempha, ndipo kawirikawiri pempho limadzera ku sukulu yolembetsedwa imene idzaphunzitse. Apa pali mfundo imene eni mabizinesi apakati ayenera kuiganizira: kampani yolipira msonkhowu mwezi ndi mwezi koma osapempha maphunziro a anchito ake ikulipirira luso la anchito a makampani ena.

Gwero lina ndi thumba la citukuko ca madera a aphungu, CDF. Ndalama za dera lililonse zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zinapitiriza kukwera m'zaka zotsatira. Gawo lina la ndalamazi limalipirira acinyamata maphunziro a luso m'sukulu zolembetsedwa. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo mafomu amapezeka ku khonsolo. Wacinyamata amene akuthandizira pa galaji kapena pa shopu ya telala akhoza kupempha monga wina aliyense wokhala m'deralo.

Zovuta zimene zimalepheretsa

Vuto loyamba ndi mantha a mwini bizinesi. Ambiri amanena kuti ukaphunzitsa wanchito, mawa adzacoka kukatsegula shopu yake pafupi ndi yako, kapena adzatengedwa ndi kampani yolipira bwino. Manthawa ali ndi cifukwa, pakuti zimacitikadi. Koma wanchito wosaphunzira amene wakhala amadyanso ndalama za bizinesi tsiku lililonse: thabwa lodulidwa molakwika, nsalu ya kasitomala yoonongeka, geti lobwezedwa kuti likonzedwenso, makina opsa cifukwa cosawadziwa. Ndalama zimenezi sizioneka cifukwa sizilembedwa m'buku lililonse. Njira yocepetsera manthawo ndi pangano lolembedwa, lonena ndalama zimene bizinesi yalipira, nthawi imene wanchito adzagwire atamaliza maphunziro, ndi zimene adzabweze akacoka nthawiyo isanakwane. Ofesi ya zanchito ya m'boma lanu ingathe kulangiza kuti panganolo lisasemphane ndi lamulo la Employment Code la 2019. Komanso luso likakwera, malipiro ayenera kutsatira. Wanchito amene wabwera ndi setifiketi n'kupeza malipiro omwe aja sakhalitsa.

Vuto laciwiri ndi nthawi. M'bizinesi ya anthu anai, mmodzi akapita ku sukulu kwa miyezi itatu, nchito imatsalira. N'cifukwa cake makosi a madzulo, a Loweruka, kapena ophunzitsidwa pamalo a nchito pomwepo amayenera mabizinesi otere. Nyengo nayonso imathandiza: omanga amacepekedwa nchito m'miyezi ya mvula, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino yophunzira.

Vuto lacitatu ndi cinenero ndi kuwerenga. Mabuku ambiri a umisiri ndi malangizo a makina amalembedwa m'Cingelezi, pamene amisiri ena analekeza sukulu m'magiredi apansi. Mphunzitsi wofotokoza m'Cinyanja kapena m'cinenero ca kumaloko, akusonyeza ndi manja, amafika patali kuposa wowerenga buku pa bolodi.

Vuto lacinai ndi mtunda ndi zipangizo. Sukulu zambiri zili m'matauni, ndipo wocokera ku Chama kapena ku Vubwi amafunika ndalama za ulendo ndi malo ogona. Sukulu zina zili ndi makina akale kuposa amene ali m'makampani, kotero wophunzira amabwera ndi luso la makina amene sadzawapeza pa nchito. Mwini bizinesi ndi bwino akaone yekha malo ophunzirira asanatumize munthu.

Akazi amakumana ndi copinga cina. Maphunziro akapezeka, kawirikawiri amuna ndiwo amasankhidwa kupita ku makina, pamene akazi amasiyidwa pa kauntala kapena pa kupakira. Mwini bizinesi amene amasankha motero amataya luso la anthu amene ali nao kale pa malipiro.

Zimene mwini bizinesi angacite

Coyamba ndi kupeza pamene ndalama zikutayikira. Kwa mwezi umodzi, lembani katundu aliyense wobwezedwa, dandaulo lililonse la kasitomala, ndi nchito iliyonse imene munaikana cifukwa palibe woidziwa. Mndandanda umenewo ndiwo udzakuuzani maphunziro ofunika, osati kosi imene yangolengezedwa.

Caciwiri ndi kusankha munthu woyenera ndi kumuuza cifukwa cake wasankhidwa. Akabwera, apatsidwe mpata wogwiritsa nchito zimene waphunzira mwamsanga, ndipo aphunzitse anzake. Luso lokhala m'mutu wa munthu mmodzi limacoka naye tsiku limene iye wacoka.

Cacitatu ndi kugwirizana ndi anzanu. Galaji imodzi singathe kuitana mphunzitsi, koma magalaji khumi a pa msika umodzi angathe kusonkha. Magulu olembetsedwa a amisiri kapena a amalonda amamvekanso msanga akapempha thandizo ku sukulu, ku khonsolo kapena ku TEVETA.

Cacinai ndi kuyamba ndi citetezo. Wanchito aliyense adziwe kuvala zotetezera maso, manja ndi mapazi, kuzimitsa makina mwadzidzidzi, ndi kuthandiza wovulala. Ogwira zakudya ayenera kupimidwa kucipatala ndi kukhala ndi ciphaso ca khonsolo. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board limalipira anchito ovulala pa nchito, koma ndalama sizibweza diso kapena cala.

Zimene wanchito ayenera kudziwa

Wanchito asadikire bwana. Sungani umboni wa nchito zanu: zithunzi za nyumba zimene mwamanga, makalata a makasitomala, ndi kalata yosonyeza nthawi imene munagwira pa malo alionse, imene muyenera kuipempha posiya nchito. Zimenezi zimathandiza pa tsiku loyesedwa luso. Pitani ku sukulu ya umisiri yapafupi mukafunse za masiku a trade test ndi ndalama zolembetsera. Safunsa anadya phula.

Werengani bwino pangano lililonse la maphunziro musanasaine, ndipo ngati kuwerenga kukuvuta, pemphani munthu wokhulupirika akuwerengereni. Onetsetsani kuti setifiketi yalembedwa m'dzina lanu monga lilili pa ciphaso canu ca NRC, ndipo muisunge nokha. Setifiketi ndi ya munthu amene anayesedwa, ngakhale kuti ndalama zinalipiridwa ndi kampani.

Ofuna kudziwa zambiri angafunse ku maofesi a TEVETA mu Lusaka, ku sukulu ya umisiri yolembetsedwa ya m'cigawo cao, ku ofesi ya khonsolo yoona za CDF, kapena ku ZRA pa nkhani ya msonkho wa maluso.